Moni wa Mayi wa Nkhuni pa Bwalo la Gofu

Loweruka lina masana, m'mwezi wa Ogasiti, ndinachita chinthu chimene malemu mayi anga akanandipotokola nacho khutu. Ndinali pa bwalo la gofu kuno ku Zomba, ndodo ili m'manja, maso ali pa kampira, mapazi nditawayala monga anandiphunzitsira. Ndi pamene anatulukira mayi wina wachikulire, mtolo wa nkhuni uli pamutu, akuchokera cha kuphiri. Atayandikira anachepetsa mayendedwe, napindako maondo monga achitira amayi akwathu ngakhale atasenza, nati: "Mwaswera bwanji bambo? Tidutse nawo." Ine m'malo moyankha ndinachotsa dzanja limodzi pa ndodo n'kuika chala pakamwa, ngati ndikuletsa kamwana kosokosera m'tchalitchi. Mayiwo anaima. Anandiyang'ana ine, nayang'ana anzanga atatu amene anangoti chilili osaphethira, kenaka ndi mawu otsika anati: "Pepani, sindimadziwa kuti pali zovuta." Anadutsa monyang'ama, nkhuni zikugwedera pamutu.

Aliyense wokulira kuno akudziwa kuti "zovuta" ndi maliro. Kaya mayiwo ankanena ndi mtima woona, kaya ankandilasa mokuluwika, pakuti agogo a kuno amatha kukukalipira mwaulemu iwe n'kuthokoza, zonse zinali zondiyenera. Mpirawo ndinaumenya moipa, ndipo mnzanga wina pofuna kunditonthoza anati: "Achimwene, anthu amenewa afunika kuwaphunzitsa ulemu wa pa gofu." Tonse tinagwedeza mitu movomereza. Koma usiku umenewo tulo tinandivuta. Pa tonse amene tinali pamenepo, wopereka moni anali mmodzi yekha, wopempha njira anali yemweyo, wopepesa analinso yemweyo. Nanga wofunika kuphunzitsidwa ulemu ndani?

Ndikulemba ngati munthu wokonda gofu koma wobadwira kumudzi cha ku Jali, amene ndodo anaigwira koyamba imvi zitayamba kale. Ulemu umene timanyadira nawo pa bwaloli ndi wabwino, sindikutsutsa. Vuto ndi lakuti timachitirana okhaokha ogwira ndodo. Munthu wopanda ndodo, kaya ndi wodutsa, kaya ndi wotinyamulira chikwama, timamuwerengera pamodzi ndi zitsa ndi zulu, zinthu zongotchinga mpira.

Tiyambe ndi buku lenileni, chifukwa ambiri ofuula za malamulo sanalitsegulepo. Malamulo a gofu amalembedwa ndi mabungwe awiri, R&A ya ku St Andrews ku Scotland ndi USGA ya ku America. Mu 2019 anawakonzanso, ndipo nkhani ya khalidwe, imene kale inali m'gawo lapadera koyambirira kwa buku, anailowetsa m'lamulo loyamba. Likunena zinthu zitatu: ukhale woona mtima, uziganizira ena, usamale bwalo. Pa "ena" pamenepo silinati mamembala okha, ndipo chimodzi mwa zitsanzo zake ndi kuonetsetsa kuti wina asavulale.

Tsono tengani zitatuzi mupite nazo kwa agogo a ku Mayaka kapena ku Songani, mukawauze kuti mwabwera ndi nzeru zatsopano za ku Scotland. Akakusekani. Kusalaza mchenga wa pa bwalo ukatulukamo utamenya mpira kuti wobwera pambuyo asapeze mapazi ako ndi mwambo womwe uja wosavundula madzi pachitsime ukatha kutunga. Kusaponda pamene mpira wa mnzako udzere polowa m'dzenje sikusiyana ndi kusadumpha miyendo ya munthu amene wakhala pamphasa. Kulola gulu lofulumira kuti likupitirire, mwana aliyense woyenda m'tinjira ta m'minda amakudziwa: wosasenza ndiye amapatukira wosenza. Mayi wa nkhuni uja akanakhoza mayeso a zimenezi popanda kuwerenga tsamba ndi limodzi lomwe.

Chachilendo chenicheni pa gofu ndi chete. Masewero athu onse ndi aphokoso. Pa mpira wamiyendo, wosewera akamakonzeka kumenya penate ndi pamene bwalo lonse limakuwa kuti asokonezeke, ndipo palibe amene amati ndi mwano. Pa bawo pansi pa mtengo wa mango owonerera amalowerera, amaseka, amachita chipongwe, wina mpaka kuloza ndi chala dzenje loti uyambire. Manganje akamadutsa m'misewu ya ku Chinamwali kapena tchopa akamavinidwa, wokhala duu ndiye amafunsidwa ngati akudwala. Kukhala chete pagulu kwathu kuli ndi malo ake owerengeka: pa maliro, pa bwalo la mfumu mlandu ukamagamulidwa, m'tchalitchi ndi mu mzikiti. Ndi chinthu cholemera, sapempha chisawawa. Ndiye bambo wamkulu, wovala bwino, akatseketsa pakamwa mayi wachikulire chifukwa cha kampira kosafika ndi dzira lomwe la nkhuku, wabwereka katundu wa pa maliro n'kukaseweretsa. Mayi aja atationa amuna anayi titaima ngati zipilala, wina chala chili pakamwa, anaganiza zimene munthu aliyense woleredwa bwino akanaganiza.

Sindikuti chete ngwachabe. Amene anagwirapo ndodo akudziwa kuti mutu wake ukangopendekeka pang'ono, mpira ukautola kutchire, ndipo chifuwa cha mnzako chikhoza kukuwonongera tsiku lonse. Pakati pa ife osewera chete akhalepo, tinapangana tokha. Koma mayi wa nkhuni pa pangano limenelo panalibe. Ndipo kuyankha moni kumadya nthawi yochuluka bwanji? Malamulo amalimbikitsa kuti munthu amenye pasanathe masekondi 40, koma nthawiyo imayamba kuwerengedwa pamene palibe chomusokoneza. Palibe tsamba lokuletsa kubwerera m'mbuyo phazi limodzi, kuvula chipewa, n'kunena kuti, "Ndaswera bwino mayi, kaya inu? Dutsani." Ukatero umayambiranso mtima uli m'malo. Ine ndinasankha chala, mpira n'kukagwera kutchire komweko.

Chala chimenecho sindinachiphunzire kwa mayi anga. Ndinachitola pa bwalo pomwepo, ndipo amene ndinawaonera nawonso anaonera ena. Mzerewo ukaulondola umakafika kutali. Zomba inali likulu la boma kuyambira 1891, nthawi ya atsamunda, mpaka 1975 pamene likulu linasamukira ku Lilongwe, ndipo aphungu anapitiriza kukumana kuno mpaka 1994. Kalabu ya Gymkhana, ya pa bwalo lathuli, inayamba m'zaka za m'ma 1890 kuti azungu a m'boma ndi akuluakulu a asilikali azipezako mpumulo. M'makalabu a nthawi imeneyo munthu wakuda ankalowa ngati wophika, wotchetcha kapinga kapena wonyamula ndodo za bwana. Ulemu unkakwera phiri, sunkatsika. Ufulu utabwera mu 1964 mipando inasintha eni, ife ana a kumudzi tinalandira ndodo, koma tinalandira pamodzi ndi nkhope ya bwana yomwe. Lero mwana wa mayi wa nkhuni ndiye akuletsa mayi wina wa nkhuni kuyankhula. Fizi yanga ya ku sekondale inachokera m'mitolo yotereyo, ndi m'zigubu za thobwa zimene mayi ankapita nazo pamsika.

Chondiseketsa n'chakuti kumene gofu anachokera zinthu sizili monga timaganizira ife otsanzira. Bwalo lakale la ku St Andrews, limene wosewera aliyense amalota atapondapo, lili pa malo a anthu onse a m'tauniyo. Chikalata cha mu 1552 chinatsimikiza kuti eni mudzi ali ndi ufulu wosewerapo gofu, mpira ndi masewero ena. Mpaka lero, kupatula pakakhala mpikisano waukulu, Lamulungu sipaseweredwa gofu. Anthu amayendapo ndi ana ndi agalu awo, ena kuyala nsalu n'kumadya. Pali ngakhale kamsewu kotchedwa Granny Clark's Wynd kamene kamadutsa pakati penipeni pa njira ya dzenje loyamba ndi lotsiriza, ndipo anthu opita kunyanja amadzera pamenepo osewera akuwadikira. Malamulo oyamba kulembedwa, aja 13 a mu 1744 a ku Leith pafupi ndi Edinburgh, ali ndi limodzi lonena zoyenera kuchita mpira ukaimitsidwa ndi munthu, kavalo kapena galu: uumenye pomwe wagwerapo. Anthu amene analemba zimenezi ankayembekezera kukumana ndi odutsa, ndipo sanalembe zowathamangitsa. Tikamakwiyira mwana wa sukulu wodula njira kapena bambo wokankha njinga ya makala, tisamanamizire a ku Scotland. Mkwiyowo ndi wathu.

Pa nkhani ya odutsa yomweyi pali china chimene chimandiopsa kuposa moni. Mpira wa gofu ndi wolimba ngati mwala, umalemera pafupifupi magalamu 46, ndipo wosewera wamphamvu akaumenya umanyamuka pa liwiro loposa makilomita 200 pa ola. Ukapeza munthu pachipumi, pepani sapoletsa chilonda. Mwambo wa gofu umati mpira ukalunjika kwa anthu ufuule kuti "Fore!" Wodziwa akamva amawerama n'kuphimba mutu ndi manja. Wosadziwa amachita zimene munthu aliyense amachita akamva kukuwa: amatembenuka, kudzutsa nkhope, kuyang'ana kumene kwachokera mawu, ndiye kuti kumene kukuchokera mpira. Tsiku lina ndinamva mnyamata wa kabaza akufunsa mnzake mpira utamuphonya pang'ono: "Akuti folo, folo chiyani?" Anali kuganiza kuti tikuwerengera zigoli.

Chenjezo losamveka kwa wochenjezedwa ndi phokoso chabe. Ine masiku ano ndimakuwa kuti "Mpira uko! Weramani!" Anzanga ena amaseka, amati sizikumveka zagofu. Aseke. Mawu aja a ku Scotland anawasankha chifukwa anthu a ku Scotland ankawamva. Ife tikawasunga pakati pa anthu olankhula Chichewa, Chiyao ndi Chilomwe, tasunga chikopa nyama titataya. Komabe kuposa kukuwa kulikonse ndi kudikira. Wodutsa akhale kuti akuyenda ngati nkhono, mpira sufulumira kuposa moyo wake.

Za maliro ndinene mwachidule chifukwa sizifuna kutsutsana. Masamba akayalidwa pamsewu, wa njinga amatsika, wa galimoto amachepetsa liwiro n'kuzimitsa wailesi, abambo amavula zipewa. Palibe amafunsa kuti wamwalirayo ndi wa mpingo uti. Koma ndinaonapo gulu la osewera likupitiriza kumenya ndi kuseka galimoto ya chitanda ikudutsa pamsewu wa m'mbali, amayi akuimba, ati kuopa kuchedwetsa a pambuyo. Ife amene timalamula chete chifukwa cha kampira tinalephera kumupereka pamene iye anali pakwawo penipeni.

Kumene ulemu wathu umaonekera poyera kuti ngwa mbali imodzi ndi kwa wonyamula chikwama, amene pa gofu timamutcha caddie. Malamulo amalola ndodo 14 m'chikwama, kuphatikiza mipira, ambulera, botolo la madzi ndi jekete la bwana. Munthu amasenza zimenezo maola anayi, kuzungulira kawiri bwalo la maenje 9, dzuwa la mu Okutobala likuswa mtengo. Ambiri a iwo ndi abambo a mabanja, ena ndi akulu kwa ife. Kumudzi tikanawaitana kuti "bambo", "achimwene" kapena "madala", tikanawapatsa mpando. Pa bwalo timati "iwe", timati "mfana", ena amangoimba mluzu ngati akuitana galu wosaka. Mpira ukasowa, wolakwa ndi caddie amene sanauone. Ukalowa m'dzenje, waluso ndi bwana.

Kwathu ukalemba munthu ganyu yolima, nthawi ya nsima ikakwana amasamba m'manja m'beseni lomwelo ndi iwe. Mwini munda amene amadya yekha waganyu akumuyang'ana, mudzi wonse umamudziwa dzina. Nanga bwanji ife tikamaliza maenje 9 oyamba timakalowa pamthunzi kukamwa zoziziritsa kukhosi, wotisenzera katundu atakhala pansi pa mtengo kumeza malovu? Alipo osewera amene amagulira caddie wawo chakumwa ndi kachakudya popanda kuuzidwa, ndipo ndimawalemekeza. Koma zimenezi timazitcha kukoma mtima kwa munthu payekha, pamene kumudzi ndi udindo. Malipiro nawonso: munthu wolipira mosanyinyirika mipira yatsopano imene aitaye m'tchire tsiku lomwelo, akafika pa caddie ndi pamene amakumbukira kuti ndalama yavuta.

Buku lomwelo limamuika caddie pamalo apamwamba kuposa pamene timamuika ife. Pa mpikisano, kupatula mnzako wa mbali imodzi, ndi iye yekha amene amaloledwa kukulangiza ndodo yoti utenge ndi kumene mpira upendekere. Akaphwanya lamulo, chilango chimagwera iwe, chifukwa amamuwerengera ngati mbali ya thupi lako. Munthu wotere kwathu ali ngati nduna ya mfumu kapena ankhoswe m'banja, ndipo ankhoswe saimbiridwa mluzu. Tinenenso chimene tonse timachidziwa koma sitikonda kuchitchula: ambiri a iwo ukawabwereka ndodo amatiposa kutali.

Zimenezi si za kuno kokha. Ku Durban, ku South Africa, kunali Papwa Sewgolum, mwana wa banja losauka la Chimwenye, amene anayamba ngati caddie ndipo ankagwira ndodo mopingasa manja, mosiyana ndi mmene aphunzitsi amanenera. Anapambana mpikisano wa Dutch Open katatu, mu 1959, 1960 ndi 1964, napambananso Natal Open mu 1963 ndi 1965, ulendo wachiwiriwo atagonjetsa Gary Player, katswiri wachizungu wa konko. Chimene dziko limamukumbukira nacho ndi chithunzi chake akulandira chikho panja mvula ikugwa, chifukwa malamulo a tsankho sankamulola kulowa m'nyumba ya kalabu. Amene anali m'katimo, ndikhulupirira, onse ankadziwa kusalaza mchenga ndi kukhala chete mnzawo akamamenya.

Koma ndisaimbe ng'oma mbali imodzi. Chikhalidwe chathu chili ndi zake zimene zikalowa pa bwalo la gofu zimawononga, ndipo chachikulu ndi chija chakuti wamkulu salakwa. Gofu ndi masewero opanda woimbira mluzu wothamanga nawe. Wopambana ndi amene wamenya mochepa, ndipo umadziwerengera wekha, mnzako n'kulemba zimene wanena. Tsono bwana wamkulu akamenya ka 7 n'kunena kuti ka 5, ndani atsegule pakamwa? Wolembayo mwina ndi wa pansi pake kuntchito, kapena akufuna kontirakiti. Caddie waona zonse koma ali ndi ana ofuna kudya. Ndipo caddie yemweyo, pofuna kusangalatsa bwana, amatsogola n'kukankha ndi phazi mpira umene unabisala kuseri kwa mtengo, bwana akafika n'kudabwa mwachinyengo kuti lero mwayi uli naye. Onse awiri akudziwa, palibe wonena. Ndi ulemu womwe uja wa kumudzi, wosafuna kuchititsa manyazi wamkulu, koma utafika pano wasanduka bodza la anthu awiri.

Chimodzimodzi ndi kuchedwa. Akuluakulu anayi akaima pakati pa bwalo, wina ali pa foni, wina akufotokoza za ndale, achinyamata a pambuyo amangodikira mpaka dzuwa kulowa kuseri kwa phiri, kuopa kuti kupempha njira kuoneka mwano. Apa gofu akunena zoona ndipo ife tiyenera kugonja. Ndimakonda mwambo wakuti amene wachita bwino pa dzenje lapitalo ndiye amayamba kumenya pa lotsatira. Kunyumba wamkulu ndiye amayamba kusamba m'manja, ndipo zikhale choncho. Koma pa bwalo mnyamata wa Fomu 3 akachita bwino amayamba iye, mkulu wopuma ntchito m'boma ataima pambali chipewa chili m'manja. Malo otere m'dziko muno ndi ochepa, ndipo sindifuna kuti tiwataye m'dzina la chikhalidwe.

Pa kuona mtima osewera amakonda kutchula Bobby Jones wa ku America. Mu 1925, pa mpikisano wa US Open, mpira wake unasuntha pang'ono m'udzu iye akukonzeka kumenya. Oyang'anira sanaone, koma iye anaumirira kuti amulembere chilango. Pamapeto anafanana ndi Willie Macfarlane, atabwereza anagonja. Chilango chimodzi chodzipatsa yekhacho chinamudyera chikho. Nkhani imeneyi timaikamba mokoma pa mowa madzulo. M'mawa mwake phazi la caddie lili pa ntchito.

Ana otola mipira ndiwo amakwiyitsa osewera kuposa wina aliyense, ndipo apa ndi pamene nzeru za kumudzi zimathandiza kuposa kukalipa. Lamulo la 2019 limapereka mphindi 3 zofunafuna mpira, kale zinali 5. Zikatha, mpirawo ngwotayika, wosewera amatenga wina n'kupitirira. Mwana akautola madzulo m'tchire n'kudzakugulitsa mawa, wachita zimene agogo ake amachita m'munda wa mtedza mwini atatha kukolola. Limenelo ndi khunkha, ndipo wokunkha satchedwa wakuba. Kunena zoona, theka la mipira ya m'chikwama mwanga inabwera mwa njira imeneyi, ina ili ndi chizindikiro changa chomwe. Koma mwana wobisala patchire n'kuthamangira mpira ukugubuduka, mwini ali m'njira akubwera, ameneyo walowa m'munda chimanga chisanakololedwe. Mawu amenewa mwana wa zaka 8 amawamva msanga, makolo ake amawamvanso, ndipo adzamulanga okha. Kumuthamangitsa ndi ndodo m'mwamba uku ukutukwana m'Chingerezi kumangomuphunzitsa kuti anthu a pa bwalo ndi adani, ndipo kubera mdani sikupweteka mtima.

Odutsa nawo ali ndi mbali yawo, sindikuwachotsera. Malo osalala ozungulira dzenje, amene timawatcha green, amatenga thukuta la anthu kuti akhale momwe alili, ndipo matayala a njinga kapena ziboda za mbuzi zimawononga m'mphindi imodzi ntchito ya masabata. Amene amawasamalawo ndi abale athu omwe, olipidwa pang'ono. Koma ndani anakhalapo pansi ndi anthu oyandikana ndi bwalo n'kuwauza kuti malo awa ali ngati nazale? Mlimi wa mpunga wa ku Chilwa kapena wa dimba m'mbali mwa Likangala safuna chikwangwani kuti asaponde bedi la mnzake. Timakhoma zikwangwani za Chingerezi, kenaka n'kumadabwa kuti anthu sakumvera. Kuno nkhani yokhudza anthu ambiri ili ndi khomo lake lolowera: kwa mfumu, ku mpingo, ku mzikiti, kwa aphunzitsi aakulu a sukulu imene ana ake amadula njira. Andale akafuna mavoti khomo limeneli amalidziwa bwino. Ife tikafuna kuti green asapondedwe timayembekeza kuti mlonda ndiye athana nazo. Ndipo ana a sukulu omwewo atapatsidwa tsiku limodzi pa mwezi logwira ndodo, m'malo mongoionera patali, bwalolo akanaliteteza ngati lawo.

Za zovala ndingodutsapo. Malaya a kolala ndi kuvula chipewa polowa m'nyumba sizivuta munthu wa kuno, pa kaunjika wa mumsika wa Zomba makolala ali mbwee. Koma ife amene tinakhalapo pansi pa lamulo la kavalidwe la 1973, lija linkaletsa amayi kuvala mathalauzi mpaka 1993, tiyenera kumakayikira pang'ono munthu akamayeza khalidwe la mnzake ndi nsalu. Ndaonapo kolala yoyera bwino ikunama za kuchuluka kwa mmene yamenyera.

Wina anena kuti ndikufuna kusandutsa bwalo la gofu kukhala msika, kuti ukayankha moni wa aliyense sumaliza masewero. Ndayesa kwa miyezi ingapo tsopano, ndipo ndimamalizabe dzuwa lisanalowe. Pa maenje 18 odutsa amene amafika pafupi moti n'kupatsana moni sachuluka, ndipo ambiri ukawayankha bwino kamodzi, ulendo wotsatira amaima okha patali n'kudikira kuti umenye, ena mpaka kuombera m'manja mpira ukauluka bwino. Bambo wina wogulitsa nthochi anandifunsa tsiku lina chifukwa chake timasankha ndodo zosiyanasiyana pomenya mpira umodzi womwewo. Ndinamufunsa ngati amalimira nkhwangwa. Anaseka, ndipo kuyambira tsiku limenelo njinga yake amaizungulitsa kuseri kwa green.

Mayi wa nkhuni aja ndinakumana nawonso patapita masabata atatu, pamalo pomwe paja, nthawi yomwe ija. Ulendo uno sanapereke moni. Atationa anaima patali, maso pansi, mtolo uli pamutu, kudikira kuti zovuta zathu zithe. Ndinaika ndodo pansi, ndinavula chipewa, n'kupita kumene anaima.

"Mwaswera bwanji mayi? Tsiku lija ndinalakwa, mundikhululukire."

Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu, ngati akufufuza kuti ndine mwana wa yani.

"Ndaswera bwino bambo. Kwanu n'kuti?"

"Ku Jali, mayi."

"Ku Jali? Ndiye munaleredwatu inu. Chinakugwirani n'chiyani?"

Caddie wanga, bambo wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo, anatembenukira kuphiri mapewa akugwedezeka. Mayiwo anakonza nkhata, nadutsa pakati penipeni osafulumira, ife anayi tikudikira zipewa zili m'manja. Nditabwerera pa mpira ndinaumenya ndi mtima wonse, n'kukagwera mumchenga.